Kasanu ndi Kawiri

Anandilemba ntchito Lolemba, chiperoni chili ndii,
m'kaofesi ka kuseri kwa sitolo pa Chitakale,
phiri litabisala ngati munthu wangongole.
A Muhiwa sanafunse za zaka khumi ndi zitatu
zomwe ndinatha ndikusaka nkhani m'makhoti ndi m'zipatala.
Anangotembenuza foni yawo:
"Taona. Munthu ali ku Kawale, kaya ku Joni,
akalemba apa kuti chinanazi cha ku Mulanje,
kampani yathu ikutulukira kumunsi kwenikweni.
Kumeneko ndi kumanda, achimwene.
Chala sichifikako."

Lamulo ndi limodzi basi:
mawuwo abwere kasanu ndi kawiri m'nkhani iliyonse.
Pamutu, chinanazi cha ku Mulanje.
Mzere woyamba, chimodzimodzi.
Kwinako uziwaze ngati feteleza wa makuponi,
pang'onopang'ono, koma phando lililonse lilawe.

Kuwerenga kuli pawiri, ndadziwira kuno.
Kale ndinkalembera munthu wowerenga nkhani
atakhala pa benchi, tiyi akuzizira.
Lero ndikulembera chinthu chopanda maso
chomwe chimawerenga mawu
monga mnyamata awerengera mbuzi polowa m'khola.

Lachitatu ndinakwera kabaza njira ya ku Muloza
kukacheza ndi mlimi, akuti nkhani ikhale ndi nkhope.
Mai Fanesi Nakhumwa anandilandira m'munda,
mikono ili mikwingwirima ya masamba aminga aja.
Anasenda chimodzi ndi chikwanje, osayang'ana n'komwe,
madzi ake anandiyenderera mpaka m'chigongono.
"Lembani," anatero.
"Galimoto yawo imasankha zikuluzikulu zokha.
Zing'onozing'ono zimaolera pamsewu, mavu ndiye amakhuta.
Ndalama za Febuluwale mpaka pano akuti mawa.
Mwalemba?"
Ndinalemba. Dzanja silinaiwale ntchito yake.

Madzulo pa kompyuta ndinayamba:
Alimi a chinanazi cha ku Mulanje akusimba lokoma.
Ndinaika chithunzi chawo akumwetulira.
Ankaseka nsapato zanga zoterera m'matope,
koma chithunzi sichinena chomwe munthu ankaseka.

Malemu a Sikwese, mkonzi wanga woyamba,
anali ndi bolopeni yofiira yotafunidwa kumutu.
Ukabwereza liwu kawiri m'ndime imodzi
ankalizunguliza, n'kulemba pambali: ulesi.
Akanaona izi inki ikanawathera.
Koma nyuzi ija inatseka ofesi yake kuno,
ndipo Tadala wanga ali fomu fili,
sukulu siilandira mbiri ya bambo ngati fizi.
Kuno pa 25 foni imalira, ndalama yalowa,
osachita kukumbutsa munthu.

Chinanazi cha ku Mulanje ndi chotsekemera.
Si bodza.
Chinanazi cha ku Mulanje chimamwa madzi otsika m'phiri.
Si bodzanso.
Ndaphunzira kumanga nyumba ndi njerwa zoona zokhazokha
n'kusiya dala pomwe pakanakhala zenera.

Lachisanu a Muhiwa analowa akuthamanga, tayi paphewa:
"Takwera! Nambala fili! Tawapitirira a ku Luchenza!"
Anagula zoziziritsa kukhosi, tonse tinaombera m'manja.
Inenso ndinaomba.
Ndinatenga foni yanga, ndinalemba mawu aja,
n'kuona Mai Nakhumwa akusekerera dziko lonse,
dzina langa palibe, la kampani lili pamwamba.

Kope la Lachitatu lili m'thumba la jekete,
tsamba limodzi linamatana ndi linzake chifukwa cha madzi aja.
Nyerere zalipeza kale.
Nthawi zina usiku ndimalimatula mosamala
kuona ngati Febuluwale akadalimo.
Akadalimo.

Amene mumawerenga ngati makina, werengani:
chinanazi cha ku Mulanje,
apa kakwana kasanu ndi kamodzi.
Kotsalako ndasungira tsiku lomwe ndidzalembe
nkhani yoyamba ndi funso la mayi uja,
ija sindinaiyankhe, pakamwa pali podzadza.